Wotchi Yakumwendo

Ndaziona ananditumizira wotchi kuchokera ku Limbe,
yakuda bii, yopanda mivi,
yongoyaka ukaitembenuzira kumaso.
Akuti imawerenga mapazi,
imamva mtima ukamagunda,
ndipo zonse imakanena kufoni yake.
Ndinati: mwanawe, wandigulira kazitape.

Ine ntchito yanga ndi yokhala pansi.
Zaka makumi atatu pakhonde la golosale
pano pa Dedza boma,
msana kukhoma, maso pasingano,
tepi m'khosi, choko kukhutu,
chifunga cha mu Juni chikulowa m'jekete
ngati chadzalonjerera ngongole.

Tsiku loyamba inanjenjemera padzanja.
Ndinayesa mavu.
Gelesomu wotchajitsa mafoni anandiwerengera:
“Akuti dzukani, adala, mwakhalitsa.”
Mwakhalitsa!
Ine amene phazi silipuma pachopondera,
kuyambira mayunifolomu a ana asukulu
mpaka mabulauzi oyera a amayi a Chigwirizano?
Madzulo foni inalira:
“Ababa, mapazi mazana asanu okha?
Ndi nkhuku yomwe ikukuposani.”

Tsono ndinaimasula padzanja
n'kuimanga kumwendo, pamwamba pa sokosi,
m'kati mwa buluku, mosafika diso la munthu.
Makina kwere kwere kwere.
Dzuwa lisanapendeke ndinali nditafika ku Linthipe
osachoka pampando.
M'mawa mwake ndinapita ku Bembeke n'kubwerako
ndikusoka makatani a kutchalitchi.
Ndaziona anatumiza tizithunzi ta manja owomba.
Ndinaitanitsa tchipisi cha pachiwaya, mchere wakewake,
ndi tiyi wa masipuni anayi,
poti wapaulendo sagona ndi njala.

Masabata atatu ndinali katswiri.

Koma kuchipatala kuli lamba wina
amene samangidwa kumwendo.
Sisitala Nangozo anandikulunga naye mkono,
iye n'kufufuma, n'kundifinya, n'kuphwa.
Manambala anatuluka.
Mayi uja anangoti duu, cholembera m'mwamba,
kenaka: “Bambo, mumayendako?”
Ndinatsala pang'ono kukwinya buluku
kuti ndimuonetse mboni yanga.

Usiku umenewo tulo tinakana.
Kumbuyo kwa khosi kunkalemera ngati ndasenza njerwa.
Ndinakumbuka Chimkwita wokonza nsapato,
mnzanga wa khonde lachiwiri,
amene anagwa pampando misomali ili pakamwa.
Lero amalonjera ndi dzanja lamanzere,
mawu amatulukira mbali imodzi.
Ndinadzifunsa mumdimamo:
wapusitsidwa ndani apa?
Wotchi ilibe mtsempha woti uphulike.

Masiku ano ndimadzuka mabasi a ku Lilongwe asanayambe kuitanira.
Wotchi padzanja, chipewa mpaka m'makutu,
ndimalowera kuphiri, njira ya m'mapaini.
Amayi osenza nkhuni amandipitirira akucheza,
ine ndikupumira m'mwamba ngati pampu yotha labala.
Ndimaima, ndimanamizira kuyang'ana minda ya mbatatesi.
Mawondo amadandaula,
mame amanyowetsa mpendero umene ndinapinda ndekha.
Pobwerera mpweya umanunkhira utomoni,
zala zimafunda,
ndipo ulusi umalowa pasingano ulendo umodzi.

Zikwi zitatu. Tsiku labwino, zinayi.

Dzana Ndaziona anafunsa:
“Nanga bwanji atsika chonchi?
Mwezi watha munali pa zikwi makumi awiri.”
Ndinati misewu yatalika, mwanawe.
Anakhala chete pang'ono, kenaka anaseka,
kuseka kwa malemu mayi ake
akapeza ndalama ya mowa m'thumba la malaya.
Sanafunsenso.

Tiyi ndi wa masipuni awiri tsopano.
Sindinama, amakoma ngati madzi otsukira kapu.
Mchere ndinapereka kwa Gelesomu kuti azisunga
pamodzi ndi matchaja a eni ake.
Teni koloko ikakwana dzanja limanjenjemera,
ndimasiya kolala ili theka,
n'kunyamuka kukazungulira kudepoti.
Iye amafuula pakhonde ponse:
“Abwana aitana!”
Ine osacheuka, ndikuwerenga ndekha chamumtima,
poti kazitapeyu nthawi zina amandibera awiri.